Kaundula wa a Nsadzu

Padangokhala!

Tili tonse!

Kudagwa chilala ku Phalombe, chaka chimodzi mwa zaka zija nyanja ya Chilwa imachoka osatsanzika. Anthu amazikumbukira zaka zoterezi ndi manambala: 1968, 1995, 2018. Nthano ino ndi ya chaka cha pakaticho, chimene nyama zimangochitcha chaka chomwe mabwato adagona pafumbi. Ku Swang'oma asodzi adasiya zimbowera zili pululu, njeza idauma, ndipo pomwe padali madzi omiza munthu padang'ambika ming'alu. Mtsinje wa Phalombe udasanduka mchenga. Sombani adatsala timadziwe apa ndi apo, choncho zamoyo zonse za m'chigwa zidakhamukira ku Mpoto, kumene kudatsalako madzi pang'ono.

Kuphiri njala siidafike potero. Akasupe a ku Michesi ndi ku Mulanje ankatumphukabe, ndipo masuku adabereka. Anyani, apusi ndi mbira za m'mapanga adakhala pansi n'kukumbukira napolo wa mu Malichi 1991, pamene phiri lidang'ambika, miyala ikuluikulu n'kutsika ndi madzi, iwo n'kukabisala kwa anzawo a m'chigwa. Adati ngongole ija yafika poti ibwezedwe. Adadzaza madengu ndi masuku, mphutsi, ngumbi zouma, nyerere ndi mbewu za udzu, n'kutsika nawo motsata Sombani mpaka pa kachere wa Mwene Chiuli. Potula katunduyo adasiya mawu amodzi okha: "Mugawe molingana ndi ana, pakuti njala imayamba kupha mwana."

Mwene Chiuli adaitanitsa bwalo. "Tikufuna mlembi woti ayende khomo ndi khomo, alembe banja lililonse ndi ana ake. Tisankhe yani?"

Kalulu adakweza dzanja, bwalo lidaseka mpaka iye mwini adalitsitsa. Fisi adatsokomola kuti amuone, koma palibe adatembenuka. Ena adatchula anganga Kamba, ena n'kuti kaundula wawo adzatha chimanga chitacha kale. Pamenepo Njiwa adaimirira. "Bwanji a Nsadzu?"

Bwalo lonse lidavomera ndi mitu. Ndani sankawadziwa a Nsadzu, mbalame yotuwa ya khosi lakuda ndi nthenga zoyera m'mbali mwa mchira? Iwo akapeza njuchi m'mphako amapita kukaitana munthu, n'kumamutsogolera mtengo ndi mtengo akulongolola. Munthu uja afukiza utsi, afula uchi, a Nsadzu n'kungokhutira ndi phula lotsala ndi ana a njuchi. Mbiri yawo idafika mpaka ku Niassa, kumene alenje a uchi achiyao ali ndi kaitanidwe kawokawo kowaitanira.

"Ndiponso," adapitiriza Njiwa, "alipo adaonapo chisa cha a Nsadzu? Wopanda nkhokwe akaba akaika kuti?"

A Nsadzu adatsika pa nthambi, n'kuwerama. "Zikomo Mwene, zikomo bwalo. Malipiro sindifuna. Dzina langa musalilembe n'komwe. Pa madengu onsewa mlomo wanga sudzakhudza ngakhale kambewu kamodzi. Koma kuti pasakhale chinyengo, ndipempha malamulo anayi. Banja ndi bambo mmodzi, mayi mmodzi ndi nyumba yooneka. Mwana ndi amene tamuona ndi maso, kapena dzira limene taliwerenga. Wofunsidwa ayankhe yekha ndi pakamwa pake. Zolembedwa sizifufutidwa."

Nthungululu zidamveka mpaka ku Chitekesa. M'mawa mwake mlembi adanyamuka ndi kaundula wake akuimba:

Ndilembe yani, ndisiye yani?
Tsata nsadzu, udye uchi!
Wa nyumba yooneka ndimulemba,
Tsata nsadzu, udye uchi!
Wobisa ana adye mawu,
Tsata nsadzu, udye uchi!

Adayambira pagombe la Sombani, kwa a Fulagombe, mbalame zobiriwira zija zimakumba mauna aatali m'gombe n'kuikira mazira kumapeto kwake, mumdima. Padali mabanja khumi ndi awiri. Kumeneko a Nsadzu adafika ndi ulemu wonse, atatsagana ndi akazi awo ndi ang'ono a akazi awowo.

"Alamu, mwatopa ndi kufungatira. Tatulukani mukawongole mapiko. Una ndi wopapatiza, alowe ndi amayiwa akawerenge mazira."

Mayi Fulagombe adatuluka. Mayi Nsadzu adalowa, ndipo mpweya usadathe m'chifuwa adali atatuluka kale. "Asanu!"

"Asanu?" adadabwa mwini una. "Ndimayesa ndidaikira anayi."

"Mumdima munthu amalakwitsa, mayi," adayankha mlembi mofatsa. "Kapena zakuipirani kuti gawo lanu lakula?"

Mayi Fulagombe adayang'ana amuna awo, amuna awo adayang'ana kumbali. Chaka chidali cha njala. Adakhala chete, ndipo m'kaundula mudalowa asanu. Zidatero una ndi una, lero uwu, mkuja uwo, mpaka mabanja onse khumi ndi awiri adalembedwa, lililonse ndi dzira limodzi loposa limene mwini wake ankalidziwa.

Atachoka kumeneko mlembi adapita yekha ku Mpoto. M'mphepete mwa dziwe adapeza mayi Makumba ali phee pansi pa madzi, masaya atatupa.

"Mayi, dzina?"

Duu.

"Ana angati?"

Duu.

A Mlamba, amene amatha kupuma kunja kwa madzi, adakwawira pamatope ndevu zikugwedera. "Pepani a mlembi, mlongo wangayu sangayankhe. Ana ali m'kamwa. Kwa a Makumba, bambo amasesa kabwalo pansi pa madzi, mayi aikira mazira pamenepo, bambo athira mbewu yake, kenaka mayi awola mazira onse ndi pakamwa. Milungu iwiri kapena kupitirira sadya kanthu, amangowatembenuza kuti apume. Akaswa, ana amatuluka kukasewera pafupi, koma mthunzi wa mdani ukangodutsa, onse amathamangira m'kamwa mwa mayi wawo. Ngati alipo wofunika thandizo m'dziwe muno, ndi ameneyu."

"Lamulo likuti ayankhe yekha. Atsegule pakamwa ndiwerenge."

Mayi Makumba adayang'ana kumtunda. Mapazi atatu kuchokera pomwe adali padaima Kakowa, khosi atalipinda, diso lili pamadzi. Mayiyo adalimbitsa milomo. Mlembi adalemba: "Makumba: wamwano, alibe mwana, akuoneka wokhuta."

"Palinso ana amasiye," adatero a Mlamba, n'kuloza chithaphwi chouma chapafupi. "Muja munkakhala tinsomba tofiira tija timaoneka m'dzinja. Moyo wawo ndi wa dzinja limodzi basi. Madzi akauma makolo onse amafa, koma amakhala atakwirira mazira m'matope. Mazirawo amagona m'dothi louma chilimwe chonse, mvula ikadzagwa n'kuswa. Iwo sapempha chakudya. Pempho lawo ndi loti bwalo liletse a Nguluwe kufukula pamenepa."

A Nsadzu adasuzumira m'ming'alu. "Bambo palibe, mayi palibe, nyumba palibe. Ndilembe dothi?" Adauluka.

Pakati pa dziwe, pamasamba a kakombo, pankayenda mbalame ya zala zazitalizitali, imene m'nthano muno timaitcha Mpondakakombo. Mlembi ataiona adatikita m'maso, pakuti idali ndi miyendo khumi. Iwiri inkaponda pamasamba, isanu ndi itatu inkalendewera pansi pa mapiko.

"Bambo, ndinu mfiti?"

"Ayi, a mlembi. Mphamba wadutsa posachedwapa, ndiye ndanyamula ana m'khwapa." Adatukula mapiko pang'ono, tianapiye tinayi tidatsika n'kuyamba kujompha tizilombo.

"Mayi wa nyumba ino ali kuti?"

"Ali kwa mwamuna mnzanga, tsidya ilo. Tilipo atatu."

"Atatu!"

"Eya. Pamadzi pano mazira satetezeka. Ng'anzi imadya, njoka imadya, madzi akakwera chisa chimamira. Mayi mmodzi akati aziikira ndi kufungatira yekha, mtundu wathu ukadatha kale. Choncho iye, poti ndi wamkulu thupi kuposa ife, amalondera malire ndi kuikira. Akandisiyira mazira anayi amapita kukaikira kwa mnzanga. Kufungatira ndi kulera ndi kwathu abambo."

"Zonyansa!" adakuwa a Nsadzu. "Ngakhale chikamwini sichifika pamenepa. Ana oleredwa motere adzakhala anthu?" Adalemba: "Mpondakakombo: si banja."

Usiku umenewo kudawaza mvula ya chizimalupsa. M'mawa, m'munda wa nandolo kufupi ndi Migowi, mlembi adakumana ndi mayi Finye akuyenda pang'onopang'ono, amuna awo aang'onoang'ono atamatirira kumsana.

"Tsikani bambo, tili pa ntchito ya bwalo."

"Sindingathe," adayankha bambo Finye mwamanyazi. "Manja anga ndi aafupi, akazi angawa ndi ozungulira, sindingawakumbatire monga amachitira achule anzathu. Namalenga adatipatsa ulimbo wa pakhungu. Timamatirana chonchi, n'kukumba chafutambuyo mpaka pansi pachinyezi. Kumeneko ndi kumene kuli nyumba yathu. Mazira timaikira komweko, ndipo ana athu sasambira m'chithaphwi: amatuluka m'dothi ali kale afinye athunthu."

A Nsadzu adaseka mpaka kugwa pa nthambi. Mayi Finye atamva chipongwecho adachita zomwe amachita njoka ikawayandikira: adakoka mpweya, adafufuma, adafufumabe, mpaka mutu udalowa m'thupi. Mlembi adalemba: "Finye: mmodzi, wa linunda, wonenepa kale."

Patsamba la nandolo yemweyo padali Nsabwe ya m'masamba ndi ana ake ali mbwee. Itafunsidwa za bambo wa anawo idati, "Kulibe. Ife timabereka tokha popanda mwamuna, ana aakazi okhaokha, amoyo osati mazira, ndipo mwana amabadwa ali kale ndi pakati." Mlembi sadatsegule n'komwe kaundula.

Madzulo adapeza mayi Ngaka pachulu akunyambita chiswe ndi lilime lawo lalitali, mwana wawo mmodzi yekhayo atakwera patsinde la mchira. A Nsadzu adatera modzidzimutsa akukuwa, "Kalembera! Kalembera!" Mayi Ngaka alibe mano, alibe liwiro. Adakokera mwana pamimba, adapinda mutu, adakulunga mchira, mamba onse n'kutsekana gwa, mmene amachitira ngakhale pamaso pa mkango. Mlembi adagogoda ndi mlomo. "Odi! Odi kuno!" Zii. Adalemba: "Pachulu pali mwala."

Womaliza adali mayi Bilimankhwe, amene kuyambira kale amadziwika ndi kuchedwa. Adafika kaundula ali pafupi kutsekedwa, phazi limodzi kutsogolo, kuganiza kaye, phazi lina.

"Ana anga ali pansi, a mlembi. Mu Epulo ndidatsika mumtengo, ndidakumba dzenje, ndidaikiramo mazira makumi atatu, n'kukwirira bwinobwino. Aswa m'dzinja likubwerali."

"Mwati mudabereka?"

"Mu Epulo."

"Pepani kwambiri," adatero a Nsadzu akugwedeza mutu. "Dziko lonse likudziwa kuti bilimankhwe akabereka amaphulika n'kufa."

"Ndi mphekesera chabe imeneyo. Anthu amationa titawonda, titada ndi dothi la kudzenje, n'kumati tikufa. Suyu ndaima pano?"

"Mwanena nokha ndi pakamwa panu kuti mudabereka." Ndipo adalemba: "Bilimankhwe: malemu."

Mayi Bilimankhwe adada thupi lonse ndi mkwiyo, koma kaundula adatsekedwa.

Tsiku logawa lidafika. A Nsadzu adakhala patali ndi madengu, mapiko atawapinda kumbuyo kuti aliyense aone. Ankangowerenga maina. Olembedwa adalandira, osalembedwa adabwerera chimanjamanja. Mabanja a Fulagombe adalandira gawo la ana asanu lililonse, mlungu ndi mlungu, ndipo ankadutsa pamaso pa a Mpondakakombo osawapatsa moni.

Mayi Bilimankhwe, poti adali malemu, adalibe kopita. Adabwerera pamuzu wa mkuyu wolendewera pagombe la Sombani, pomwe ankakhala kuyambira masiku a kalembera, atabiriwira pakati pa masamba. Maso a bilimankhwe sayendera limodzi. Lina linkasaka ntchentche, lina linkayang'ana pakhomo pa una. Tsiku lina dzuwa likutuluka, kuwala kudalowa molunjika mpaka kumapeto kwa unawo, ndipo mayiyo adaona.

Mwana wa m'dzira lachisanu adali ataswa kale, masiku angapo anzake asadaswe. Adali wopanda nthenga, wosaona, khungu lokhalokha. Koma kunsonga kwa mlomo wake, kumwamba ndi kumunsi, kudali timinga tiwiri topindika ngati mbedza za asodzi. Pambali pake padali mazira awiri obooka amene sadaswe konse. Dzira lina lidang'aluka, kamwana ka Fulagombe kadatuluka konyowa. Wosaona uja adafufuza ndi mutu, adakapeza, adakaluma pamsana, n'kuyamba kukagwedeza. Adapuma. Adalumanso, adagwedezanso. Kunja bambo Fulagombe adatera ndi chakudya kukamwa, adalowa mumdima, adapereka kwa mlomo umene udayasama, n'kutuluka kukatenga china.

Patapita masiku, mayi Fulagombe ankakhala pakhomo madzulo akuimba:

Tidalembetsa asanu m'unamu,
Gombe iwe, ndiuze!
Akulira ndi mmodzi yekha,
Gombe iwe, ndiuze!
Anayi aja agona tulo tanji?
Gombe iwe, ndiuze!

Gombe silidayankhe. Mwana mmodzi uja ankadya gawo la asanu. Timbedza tija tidatha patapita milungu iwiri, mlomo n'kukhala wosalala, wosalakwa. Mwezi utakwana adatuluka: wonenepa, wosabiriwira, chifuwa chachikasu, nthenga zoyera m'mbali mwa mchira. Adauluka osacheuka. M'mauna onse khumi ndi awiri mudatuluka mwana mmodzimmodzi, ndipo onse adali ndi mchira womwewo.

Maliro adasanduka mlandu. Bwalo lidadzaza mpaka m'nthambi za kachere. Bambo Fulagombe wamkulu adafotokoza zonse misozi ili chuchuchu, ndipo Mwene Chiuli adati mlembi ayankhe.

"Zikomo Mwene. Ndidalonjeza pano kuti mlomo wanga sudzakhudza ngakhale kambewu. Alipo adandiona ndikudya za m'madengu?"

Padalibe.

"Adanyamula chakudya pabwalo pano ndani?"

"Ife," adayankha a Fulagombe.

"Adachilowetsa m'una ndani? Adadyetsa mwana ndani?"

"Ife."

"Tsiku la kalembera, amayi atanena kuti mazira ndi asanu, alipo mwa inu adabwera kudzauza Mwene kuti dzira lina si lake?"

A Fulagombe adazolika.

Pamenepo masamba adagwedera, mayi Bilimankhwe adatsika, phazi limodzi, kuganiza kaye, phazi lina. "Zikomo Mwene, ine ndidaona. Ndidaona mayi Nsadzu akulowa m'una mimba ili yolemera, n'kutuluka ili yopepuka, kumlomo kuli chikasu cha dzira la eni ake. Mtundu wa a Nsadzu sumanga chisa chifukwa chisa chawo ndi cha mnzawo. Sadafungatirepo dzira, sadadyetsepo mwana. Dzira lawo limayamba kukula likadali m'mimba kuti lidzaswe msanga, ndipo mwana wawo amabadwa ndi zida." Adafotokoza za timbedza, za kuluma, za kugwedeza. Bwalo lidachita phokoso, ena adayamba kutola miyala.

A Nsadzu sadanjenjemere. Adatsegula kaundula pang'onopang'ono, n'kuwerenga mokweza: "Bilimankhwe: malemu." Adatseka. "Mwene, bwalo lino lidayamba liti kumva umboni wa akufa? Zolembedwa sizifufutidwa. Lamulo limeneli mudalilandira nokha ndi nthungululu."

Mayi Makumba, amene ana awo adali atakula ndipo pakamwa padali potseguka tsopano, adatumiza mawu kudzera mwa a Mlamba. Mlembi adati wamwano saphunzitsa bwalo mwambo. Mayi Ngaka adayesa kulankhula, mlembi adafunsa ngati mwala uli ndi pakamwa. A Mpondakakombo adaimirira, adauzidwa kuti nkhani ya mabanja ikambidwe ndi a mabanja.

Anganga Kamba adatulutsa mutu. "Mwene, kandimverere adakanena za m'maluwa. Inu muli ndi zikhadabo zokumbira. Gombe lili pafupi. Tiyeni tikafukule una umodzi, tikaone ngati muli mafupa."

Mawu adamveka. Mwene Chiuli adadzuka, adasasa fumbi, adaloza ku Sombani. Apo a Nsadzu adauluka n'kutera pa nthambi yoyandikana ndi khutu la Mwene. Adatambasula mchira kuti nthenga zoyera zioneke, n'kuyamba kulongolola motsitsa mawu. "Mwene, m'tsinde mwa phiri la Machemba muli mphako. Njuchi zake sizidafulidwepo. Zisa zikuchita kudontha. Ndimati ndikuuzeni mlandu ukatha, koma alenje ayamba kuzungulirako. Mawa sitidzapeza kanthu."

Chiyambire chilala Mwene adali asadalawe uchi. Khungu lawo ndi lochindikala, mbola saziopa, koma mphako zonse zomwe ankazidziwa zidali zitauma. Mphuno zidagwedera. Adayang'ana ku Sombani, adayang'ana ku Machemba.

"Mlandu uwu ndi waukulu," adatero. "Sufuna phuma. Tiuimitse kaye."

Adabwerako patapita masiku atatu, ndevu zitamatirana, mimba ikukhudza pansi. Chigamulo chidali chachifupi. Mlembi sadadye kanthu. Mboni yamoyo palibe. Koma a Fulagombe adavomera okha pabwalo kuti adalandira gawo pa dzira lomwe silidali lawo, choncho banja lililonse lilipe dengu limodzi la tizilombo, ndipo madenguwo asungidwe ndi mlembi.

Pobwerera kunyumba anganga Kamba adangoti, "Khoswe akakhala pa mkhate sapheka."

Mvula yeniyeni idadzagwa. Mitsinje idadzaza, Chilwa idabwerera m'malo mwake. Pachithaphwi chija, mbali yomwe a Nguluwe sadafukule, dothi lidanyowa ndipo tinsomba tofiira tidaswa, tija akatswiri amatitcha Nothobranchius kirki. Ana a mayi Makumba adatsika ndi mitsinje kukadzaza nyanja, asodzi n'kubwerera ku Swang'oma. M'minda ya nandolo tiafinye tidatuluka m'dothi. Pansi pa mkuyu padatumphuka ana a malemu, aliyense ndi maso ake awiri osayendera limodzi. Onse amene mlembi adati si mabanja adapulumutsa ana, ena ochepa, ena ambiri, ndi nzeru zomwezo zimene adawanyozera. Gombe la Sombani lokha, la mabanja olembedwa bwino, la bambo mmodzi, mayi mmodzi ndi nyumba yooneka, ndi limene lidakhala chete chaka chimenecho.

Mlandu suwola. M'chaka cha 2011 katswiri wa mbalame Claire Spottiswoode ndi mnzake adaulutsa zomwe adapeza ku Choma m'dziko la Zambia, kumene adaika timakamera toona mumdima m'mauna a mbalame za mtundu wa Fulagombe. Zithunzi zidaonetsa zonse monga adanenera mayi Bilimankhwe: mwana wosaona, timbedza tiwiri, kuluma ndi kugwedeza, makolo akudyetsa wakupha ana awo. Uthengawo udafika pa kachere, koma Mwene adali atapita ku uchi. Nyanja itaphwanso mu 2018 nyama zidasankhanso a Nsadzu kukhala mlembi. Namondwe Freddy atagumula mapiri mu 2023 zidawasankhanso, pa chifukwa chomwe chija: alibe chisa, ndipo palibe adawaonapo akudya za m'dengu.

Tsono inu a ku Migowi, a ku Chiringa, a kwa Nambazo ndi kwina konse, tsiku lolemba maina likadzafika pamudzi panu, musadzaseke khomo la mnzanu chifukwa silifanana ndi lanu. Bambo wolera yekha, agogo osunga ana amasiye, mayi wosatha kulankhula pagulu, onsewo ndi mabanja. Mukadzapeza dzira lowonjezera m'una mwanu, kaneneni tsiku lomwelo ngakhale gawo lichepe. Ndipo pofufuza wakuba musamangoyang'ana m'manja mwa mlembi: kaoneni ana amene akunenepa, mufunse kuti ndi a yani.

Nthano yathera pompo.